Dimba la Pasukulu ndi Mlimi wa M'tauni

 Lero ndifuna kukamba za mlimi amene kawirikawiri timamuiwala pamene tikuwerenga alimi a dziko lino. Mlimi ameneyu alibe munda wa makolo, alibe nkhokwe, ndipo dzina lake silipezeka m'kaundula wa kalabu ya alimi. Mudzamupeza m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe, kapena kuseri kwa nyumba ya lendi ku Ndirande, ku Chinsapo, ku Zolozolo ndi ku Chikanda, atanyamula kheni dzuwa lisanatuluke. Kukacha ndi mlonda, telala, mayi wogulitsa mandasi, kapena kalaliki wa mu ofesi. Ngati muli m'tauni ndipo usiku uno mwadyera mpiru kapena nkhwani, n'kutheka kuti ndiwo zimenezo zachokera m'manja mwake.

Inu a kumudzi musafulumire kutseka wayilesi poganiza kuti nkhaniyi si yanu, pakuti amene akudzaza m'mizinda ndi ana anu omwe. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 16 mwa anthu 100 alionse ankakhala m'matauni. Mzinda wa Lilongwe wokha unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo wa Blantyre unali ndi anthu okwana 800,000. Ambiri mwa anthu amenewa anabwera ndi khasu m'katundu wawo, ndipo mtengo wa chakudya ukakwera, khasu lija limatuluka pansi pa bedi.

Tsono funso langa ndi ili: kodi mlimi wotereyu amamuphunzitsa ndani?

Ulangizi wa zaulimi m'dziko muno unamangidwa poganizira mudzi. Dziko linagawidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu za chitukuko cha ulimi, kuyambira Karonga mpaka Shire Valley, ndipo zigawozo zinagawidwanso mpaka kufika pa dera la mlangizi mmodzi woyenda pa njinga. Achikulire akukumbukira magazini ya Za Achikumbi ndi galimoto zimene zinkayendera midzi kuonetsa kanema wa zaulimi. Mlangizi akafika pamudzi amadziwa khomo loyambira, ndilo la anyakwawa, ndipo anyakwawa akamema anthu amasonkhana pansi pa mtengo. M'tauni zinthu sizitero. Oyandikana nyumba ndi ochokera maboma osiyanasiyana, aliyense amadzukira kwake, ndipo malo amene akulimapo nthawi zambiri si ake. Alangizi nawonso ndi ochepa. Ngakhale kumudzi komweko mlangizi mmodzi amasenza mabanja oposa 1,000. Chotsatira chake n'chakuti mlimi wa m'tauni amaphunzira kwa munthu amene akumugulitsa mankhwala pamsika.

Zipatso za maphunziro otere timaziona tonse. Timaona tomato pamsika atachita kuyera ndi mankhwala, chifukwa palibe anauza mlimiyo kuti pa botolo kapena pa paketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanathyole mbewu zimene wapopera. Timaona ndiwo zamasamba zikuthiriridwa ndi madzi a m'mitsinje yodutsa pakati pa mzinda, imene yalandira zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale. Timaonanso chimanga chitakwera mpaka pamwamba pa phiri, mizere yake itaweramira kumunsi, pamalo pamene kale panali mitengo. Mu Marichi chaka cha 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, anthu a ku Chilobwe analira maliro osawerengeka. Mvula inali yoopsa ndithu, koma phiri lovulidwa mitengo siligwira dothi lake. Sindikunena izi kuti ndinyoze olimawo ayi. Munthu amene ana ake agona ndi njala sungamuletse kulima. Chimene ungachite ndi kumuonetsa kalimidwe kosapha iye mwini ndi anansi ake.

Ine ndikukhulupirira kuti malo oyambira alipo kale, ndipo ali m'dera lililonse la m'tauni ngakhale losauka chotani. Malo amenewa ndi sukulu ya pulayimale. Pasukulu pali kamalo kolimapo, pali mphunzitsi wodziwa kuwerenga zolembedwa pa paketi ya mbewu, pali komiti ya makolo, ndipo pali ana mazanamazana amene madzulo alionse amabwerera kunyumba mazanamazana. Palibe mlangizi amene angafike makomo ochuluka chotero pa tsiku limodzi.

Koma pano ndiyenera kuulula tchimo langa, popeza ndinagwirapo choko zaka zambiri. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo ndili mnyamata, dimba tinali nalo, lokongola ndithu, koma olima anali ana ochedwa, olongolola m'kalasi, ndi olephera masamu. Mwana akalakwa tinkati, tenga khasu ukagwire chibalo. Kabichi akakhwima ankalowera kunyumba za ife aphunzitsi, ndipo ana aja ankangomuona akudutsa m'dengu. Tsiku lina ndinafunsa mnyamata wa Sitandade 7 chimene ankafuna kudzakhala akadzakula. Anandiyankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti ntchito iliyonse angagwire, bola isakhale ya khasu. Ndinaseka pamodzi ndi kalasi yonse. Patapita zaka m'pamene ndinazindikira kuti phunziro limenelo anaphunzira kwa ine. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo ife tinkabzala chidani cha ulimi pamene mitima ili yanthete, kenaka n'kumadabwa kuti achinyamata akuthawa minda.

Phunziro la zaulimi lili m'masukulu athu a pulayimale ndi a sekondale, ndipo ana amalilemba pa mayeso. Vuto ndi lakuti m'masukulu ambiri limathera pa bolodi. Mwana amaloweza pamtima mitundu ya dothi, nakhoza mayeso, koma sanafumbatepo dothi lonyowa kuti aone ngati likumata kapena likumwazika. Sindiimba mlandu aphunzitsi okha. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo mphunzitsi wa m'tauni wakhala akuima pamaso pa ana oposa 100 m'chipinda chimodzi. Munthu wotere ukamuuza kuti atsegulenso dimba, popanda womuthandiza, wangomuwonjezera mtolo.

Pali njira ina yophunzitsira imene ndifuna aphunzitsi aimve bwino, chifukwa imapeputsa mtolo umenewu. Inayambira ku Indonesia m'chaka cha 1989, pamene bungwe la FAO linkathandiza alimi a mpunga amene mbewu zawo zinkaonongeka ndi tizilombo ngakhale ankapopera mankhwala ochuluka. Zinadziwika kuti mankhwalawo ankaphanso akangaude ndi tizilombo tina tothandiza timene timadya toononga tija. M'malo mowalalikira alimi, alangizi anawasonkhanitsa m'magulu a anthu pafupifupi 25, nagawa munda pawiri. Mbali ina ankalima monga mwa masiku onse, mbali inayo ankayesa njira yatsopano. Sabata iliyonse ankakumana m'mundamo, kuwerenga tizilombo, kujambula zimene aona, ndi kukambirana chochita, kufikira nthawi yokolola. Imeneyi ndiyo sukulu ya alimi ya m'munda, imene inafikanso kuno kwathu. M'chaka cha 2003 njira yomweyi inayesedwa kwa anansi athu a ku Mozambique pophunzitsa ana, makamaka amasiye amene makolo awo anamwalira asanawasiyire luso la kulima.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mphunzitsi safunika kukhala katswiri wa ku Bunda. Chimene afunika ndi kudziwa kufunsa mafunso. Tiyerekeze kuti ana apanga mabedi awiri a mpiru, ofanana kukula kwake, mbande zochokera pa nazale imodzi. Bedi limodzi aliphimbira ndi udzu wouma, linalo alisiya pamtunda. Mwana wina alemba makheni a madzi amene bedi lililonse lamwa, wina ayeza masamba ndi rula, wina awerenga nsabwe za pansi pa masamba. Pakutha milungu inayi kapena isanu ana aja adzakuuzani okha bedi limene lasunga chinyezi, ndipo sadzaiwala, chifukwa amene anasenza madziwo ndi iwo. Taonani kuti m'menemo aphunziramo masamu, sayansi ndi kulemba, popanda kuonjezera ola pa ndandanda ya maphunziro.

Ndipo zimene dimba la m'tauni liyenera kuphunzitsa ndi za m'tauni. Kuphunzitsa mwana wa ku Mbayani kalimidwe ka fodya pa maekala asanu n'kumuseka. Muonetseni thumba. Thumba lakale la chimanga, lodzaza dothi losakaniza ndi manyowa, lokhala ndi mzati wa timiyala pakati kuti madzi atsike mpaka pansi, loboola m'mbali mobzalamo mbande, limatha kudyetsa banja ndiwo pakhonde penipeni, ndipo mwini nyumba akakutulutsani mumasamuka nalo. Muonetseni kuti makoko a mbatata, masamba ogwa, phulusa ndi zitosi za nkhuku, zimene timalipira anyamata kuti akataye, zikaunjikidwa bwino ndi kunyowetsedwa zimasanduka manyowa pa miyezi iwiri kapena itatu, ndi kuti ndodo yozika pakati pa muluwo ikatuluka yofunda ndiye kuti ntchito ikuyenda. Muonetseni manyowa a Mbeya, amene alimi ambiri anayamba kupanga mtengo wa feteleza utakwera, posakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, n'kuzitsekera m'thumba masiku 21. Ndipo musanyoze bonongwe, luni ndi chisoso. Ndiwo zimenezi zimamera mosavuta, sizilira mankhwala ambiri, ndipo mbewu yake mumasunga nokha. Ndimamva chisoni ndikaona mwana akuzula bonongwe ngati udzu kuti apatse malo kabichi.

Tsopano ndifike pa chimene chimapha madimba ambiri a pasukulu. Si tizilombo, si mbuzi, koma tchuthi. Tchuthi chachitali chimagwa m'chilimwe, pamene dimba lifuna madzi tsiku ndi tsiku. Ana akamabwerera amapeza mabedi ali gwaa, mpanda utathyoledwa nkhuni, ndipo mphunzitsi amene anadzipereka uja amalumbira kuti sadzayambanso. Apa m'pamene mlimi wa m'tauni ndi sukulu afunika kugwirana manja. Mlimi uja ali ndi luso ndi nthawi ya m'mawa, koma alibe malo okhazikika. Sukulu ili ndi malo, nthawi zina ndi mjigo, koma ilibe wothirira pa tchuthi. Komiti ya sukulu ikapatsa mabanja angapo oyandikana mabedi awoawo m'mphepete mwa dimba, pa pangano lakuti asamalira mabedi a ana pa tchuthi ndi kubwera kudzaphunzira nawo kamodzi pa sabata, mbali zonse zapindula. Gogo amene walima tomato zaka makumi atatu adzaonetsa ana kuthena mphukira bwino kuposa buku, ndipo mwana adzamuwerengera gogoyo zolembedwa pa botolo la mankhwala. Mlangizi nayenso, amene sangathe kuyendera makomo a m'tauni limodzilimodzi, adzapeza gulu lomudikira pamalo amodzi, monga momwe amapezera anthu kwa anyakwawa.

Pangano lotere lilembedwe, ndipo ndalama zikhale poyera. Ndiwo zikagulitsidwa, ana omwe alembe m'kope, ndipo chiwerengerocho chiwerengedwe pamaso pa sukulu yonse. Zina ana atenge kunyumba, zina zithandize pa chakudya m'masukulu amene ana amalandira phala. Dimba limene phindu lake limathera m'thumba la munthu mmodzi silitha zaka ziwiri, ndipo ana amaona msanga kuposa mmene ife akuluakulu timaganizira.

Za achinyamata amene anamaliza sukulu ndipo akungokhala ndinena mwachidule. Mlimi wa m'tauni amasowa zinthu ziwiri zimene mnyamata kapena mtsikana wopanda munda angathe kupanga: mbande zabwino ndi manyowa. Nazale imakwana pamalo oyalapo mphasa ziwiri, ndipo zinyalala zowola za pamsika zimangodikira wozitola. Wachinyamata amene waphunzira zimenezi pa dimba la sukulu angagulitse kwa anansi ake, ndipo angakhale mthandizi wa mphunzitsi pa tsiku la kudimba, pamene ana 100 sangayang'aniridwe ndi maso awiri.

Kwa akulu a makoleji ophunzitsa aphunzitsi, monga a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga ndi Blantyre, pempho langa ndi lakuti wophunzira aliyense asatuluke asanalere bedi lake kuyambira pofesa mpaka pokolola. Kwa aphunzitsi aakulu, pempho ndi limodzi lokha, ndipo silifuna ndalama: Lolemba likudzali mwana akachedwa, mupatseni chilango china chilichonse choyenera, koma khasu mulisiye m'sitolo kufikira ola la kudimba, pamene kalasi yonse idzapite pamodzi, aphunzitsi ali patsogolo.