MWANA WA KU CHIPULUKUSU NDI MAPHUNZIRO A MALAMULO

Munthu wocokera ku Chipulukusu, komboni yaikuru ya m'Ndola imene masiku ano ena aichula Mapalo, angathe kukwera basi m'mawa ndi kufika ku Bwalo Lalikuru la Mirandu la m'tauni dzuwa lisanatenthe. Ulendowo ngwaufupi, ndipo anthu ambiri a m'komboniyo anauyenda kale, ena monga mboni, ena monga oimbidwa mlandu, ena pokaperekeza mbale wao. Koma ulendo wokalowa m'bwalo lomwelo monga loya, atabvala mkanjo wakuda, utenga zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo ambiri amene auyamba sautsiriza. Nkhani ya lero iri ya ulendo wautaliwu, ndi ya munthu amene angathandize mwana wa m'komboni kuuyenda.

Kale njira imeneyi inali yotsekeka ndithu. M'masiku a Northern Rhodesia maloya pafupi-fupi onse anali Azungu, ndipo munthu wakuda wofuna uloya anayenera kuoloka nyanja. Bambo Mainza Chona anacita cotero, nalandiridwa monga loya ku Gray's Inn mu London m'caka ca 1958. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yace ya malamulo inayamba mu 1967. Anthu a m'Ndola akumbukira bwino Bambo Levy Mwanawasa, amene anaphunzira pa sukulu ya Chiwala, natsiriza maphunziro a malamulo ku Lusaka mu 1973, natsegula ofesi yaoyao ya uloya mu 1978, ndipo mu 2002 anakhala Mtsogoleri wa dziko. Lero masukulu a malamulo acuruka. Ilipo Northrise m'Ndola momwemo, Mulungushi ku Kabwe, ndi ena angapo ku Lusaka. Amene wapambana bwino Giredi 12, ndipo abale ace apeza ndalama za fizi, sabvutika kulowa monga anabvutikira makolo ace. Cobvuta tsopano ndico kuturukira mbali inayo.

Pali makomo awiri. Loyamba ndilo digiri ya malamulo, ya zaka zinai. Koma digiriyo payokha siipatsa munthu mphamvu yoimira mnzace m'khoti. Ayenera kupita ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 300 kucokera ku Ndola, ku sukulu yochedwa Zambia Institute of Advanced Legal Education, imene anthu angoiti ZIALE. Sukuluyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, kulowa m'malo mwa ina yakale imene inayamba mu 1968. Kumeneko aphunzira nchito yeniyeni ya loya: kayendetsedwe ka mirandu m'makhoti ang'ono ndi akuru, malamulo a umboni, kalembedwe ka zikalata zogulitsira malo ndi nyumba, za cuma ca masiye, kasungidwe ka ndalama za anthu amene awaimira, ndi mwambo wa uloya. Mayeso ace ali ndi mbiri yoopsa. M'caka ca 2021 dziko lonse linazizwa pakumva kuti mwa anthu 395 amene analemba mayeso ena otsiriza, mmodzi yekha ndiye anapambana maphunziro onse. Otsalawo ambiri abwereza maphunziro amene anagwa, ndipo ena apambana pambuyo pace. Koma kubwereza kuli konse kudya ndalama za lendi, za cakudya ndi za mayeso.

Kwa banja la ku Chipulukusu zimenezi si nkhani yongomva pa wailesi ai. Kuyambira pamene mafakitale ambiri a m'Ndola anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, mabanja ocuruka adalira malonda a pamsika ndi maganyu. Mai wogulitsa tomato ndi makala, amene wakhala nalowa cilimba zaka zinai kuti mwana atsirize digiri, sangathe kulipira caka cina ca ku Lusaka kawiri kapena katatu. Mwanayo akagwa, kawiri-kawiri mng'ono wace ndiye aleka sukulu.

Tsono nciani cisiyanitsa wopambana ndi wolephera? Nzeru ziripo mbali zonse. Koma mwana wa loya kapena wa majisitireti akula akumva mau a m'khoti pa nthawi ya cakudya. Adziwa buku loyenera kugula ndi losayenera kutayirapo ndalama. Pa chuti atate ace alankhula ndi mnzao, ndipo mawa lace mwanayo ali m'ofesi ya maloya akusenza mafailo. Mwana wa m'komboni alibe malume wotero. Amene ali naye pafupi ndiye wophunzira mnzace wa caka cimodzi kapena ziwiri patsogolo pace, amene anaoloka mtsinje womwewo dzulo, ndipo akumbukira pamene pali mwala woterera. Mphunzitsi wa pa yunivesite ali ndi ophunzira ambiri m'kalasi, sangadziwe kuti uje sanadye, kapena kuti uje acita manyazi kufunsa tanthauzo la mau a Cilatini. Mnzace wa caka cacitatu adziwa, pakuti iyenso anacita manyazi omwewo.

Cinthu coyamba cimene wamkuruyo aphunzitsa wamng'ono ndico kuwerenga ciweruzo. Wophunzira watsopano atenga ciweruzo ca masamba makumi atatu, naciwerenga usiku wonse monga nthano, ndipo m'mawa sakumbukira kanthu. Mnzace amuonetsa mafunso oyenera kufunsa: Ndani anasuma ndani, ndipo m'khoti liti? Cinacitika nciani? Funso la lamulo linali lotani? Oweruza anagamula bwanji, ndipo cifukwa cace cinali ciani? Cifukwa cimeneco ndico mtima wa nkhani, pakuti ndico cimene cimanga makhoti ang'ono pa mirandu ina yofanana nayo. Zina zonse zimene woweruza ananena podutsa ziri ndi ulemu wace, koma sizimanga munthu. Wophunzira amene wamvetsa kusiyana kumeneku m'mwezi woyamba wapulumutsa miyezi yambiri. Ndiponso wamkuruyo amuuza kuti malamulo a dziko ndi ziweruzo zambiri zipezeka kwaulere pa intaneti, pa malo ochedwa ZambiaLII, kotero kuti anthu asanu angasonkhe ndalama za foni imodzi ndi kugawana zimene apeza.

Caciwiri ndico kucenjeza za manotsi akale. Pa sukulu iri yonse ya malamulo pali mitolo ya manotsi imene iyenda m'manja kucokera caka ndi caka, ndipo wosauka aikonda cifukwa njochipa kuposa mabuku. Koma lamulo silikhala pamodzi. Mu 2016 malamulo akuru a dziko anasinthidwa, ndipo panabadwa makhoti awiri atsopano, Court of Appeal ndi Constitutional Court. Lamulo la makampani linalembedwanso mu 2017, la anchito mu 2019, la ana mu 2022, ndipo m'mwezi wa December 2022 cilango ca imfa cinathetsedwa. Wolemba mayeso amene aloweza notsi za kale ayankha molimba mtima, ndi dzanja lokongola, lamulo limene linafa. Mnzace wabwino, pompatsa mtolowo, atenga pensulo nalemba pambali masamba amene anatha nchito.

Magulu owerengera pamodzi ali ponse-ponse, koma ena angokhala magulu a maceza. Gulu lothandiza ndi lija limene munthu ali yense apatsidwa mlandu wace woti afotokozere anzace, ndipo pa mapeto alemba yankho la funso la mayeso akale, woci iri pa thebulo. Pali njira inanso imene ana a ku Migodi angaigwiritse bwino kuposa ana a m'nyumba zolankhula Cingerezi cokha. Wofotokozayo akatsiriza m'Cingerezi, anzace amuuza kuti anenenso zomwezo m'Cibemba kapena m'Cinyanja, monga ngati akuuza agogo ace. Apo ndi pamene cinyengo cioneka. Munthu angathe kubisala kumbuyo kwa mau atali-atali a m'buku, koma m'cinenero ca kwao alibe pobisala. Ngati sakhoza kufotokoza cifukwa cace pangano lina limanga munthu ndi lina silimanga, ndiye kuti sanamve. Ndipo luso limeneli silitha ndi mayeso, pakuti amene adzabwera ku ofesi yace adzalankhula zinenero zomwezo.

Makhoti a m'Ndola ndi a m'Kitwe ngotseguka. Mirandu yambiri munthu ali yense angakhale kumbuyo ndi kumvetsera osalipira kanthu. Ncodabwitsa kuti ophunzira ena afika caka cacinai asanaonepo mboni ikufunsidwa. Sikuti ngaulesi, koma aopa khomo. Afuna wina woti awatsogolere tsiku loyamba, awauze pokhala, nthawi yoimirira ndi yowerama, ndi kuti foni izimitsidwe. Momwemonso ndi kalata yopempha malo ophunzirirapo nchito pa chuti: wamkuru aiwerenga, nacotsa mau odzitama ndi mau opempha cifundo, nabwereka mnzace jekete ya tsiku lokaonekera.

Kunena zoona, si wamkuru ali yense amene ali mthandizi. Alipo ogulitsa manotsi pa mtengo wa cinyengo, alipo oopseza atsopano kuti aoneke anzeru, ndipo alipo anyamata amene athandiza mtsikana ndi colinga cina. Mtsikana wotero acita bwino kufuna gulu la anthu angapo, lokomana poyera, ndi kufunsa akazi anzace a patsogolo. Ndiponso mthandizi weniweni adziwa polekezera nzeru zace; pamene sadziwa anena kuti sadziwa, natumiza mnzace kwa mphunzitsi. Iye mwini sataya kanthu pothandiza, pakuti phunziro limene walifotokoza katatu silimubvutanso ku ZIALE.

Kunena za nchito, ophunzira ambiri alota cinthu cimodzi cokha: ofesi ya maloya ochuka ku Lusaka. Malo amenewo ngocepa. Koma Boma lifuna anthu a malamulo m'nthambi zambiri. Liripo bungwe loimba mirandu m'dzina la Boma, National Prosecution Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2010. Liripo Legal Aid Board, loimira anthu osauka. Pali umajisitireti, pali makhonsolo a matauni, makampani a migodi, mabanki, a inshuwalansi, a misonkho ndi mabungwe a anchito. Asapeputse munthu nchito yoimira osauka. Mai Florence Mumba anayambira kumeneko, ndipo mu 1980 anakhala mkazi woyamba kuweruza m'Bwalo Lalikuru la Zambia. Mu 1997 anasankhidwa kukaweruza ku The Hague mirandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia.

Nanga amene ali ndi digiri, koma khomo la ZIALE lisanamtsegukire? Sayenera kukhala pansi kudikira. Lamulo latsopano la thandizo la mirandu, la 2021, lizindikira othandiza a malamulo amene sali maloya, ochedwa maparaligo, ndi ena a digiri ogwira nchito pansi pa loya. Iwo alangiza anthu, alemba makalata, ayanjanitsa okangana, ndi kucezera osungidwa ku polisi ndi m'ndende. Koma apa mnzace wamkuru ayenera kunena mosabisa: munthu wosalandiridwa ndi khoti akadzicha loya ndi kulandira ndalama monga loya, apalamula mlandu, ndipo angadzitsekere yekha khomo limene akulilindira.

Nchito yotere siisowa ku Chipulukusu. Kuli anthu ocotsedwa nchito opanda malipiro ao, kuli mikangano ya maploti, kuli makolo amene sadziwa kuti belo ya ku polisi siilipiridwa ndalama. Koposa zonse kuli akazi amasiye. Lamulo la 1989 linena kuti munthu akamwalira wosasiya wilo, cuma cace cigawidwe motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndi 10 kwa ena amene anali kuwasunga. Nyumba ikhala ya ana ndi wotsalayo, ndipo iye akhalamo moyo wace wonse pokhapokha akakwatiwanso. Lamulo limeneli lakhala zaka zoposa makumi atatu, komabe maliro asanathe abale ena ayamba kuwerenga mipando ndi malata.

Wophunzira wa caka caciwiri amene wabwera kwao pa chuti sangaimire mai wotero m'khoti, ndipo sayenera kuyesa. Koma ngati mnzace wamkuru anamkakamiza kunena magawo aja m'Cibemba kufikira atawadziwa monga dzina lace, angathe kukhala pa mpando pakhonde ndi kuwafotokoza bwino-bwino, abale a malemu akumva. Angamuuzenso maiyo kuti woyang'anira cuma ca masiye, amene khoti limuika, sali mwini cumaco, koma wogawa cabe. Ndipo m'mawa mwace angampereke ku ofesi ya Legal Aid Board, kapena ku National Legal Aid Clinic for Women imene iri ndi ofesi m'Ndola, atamkumbutsa kutenga citupa cace, cikalata ca imfa, makadi a ana, ndi mapepala onse a nyumba ocokera ku Khonsolo.