Koko: wolima ndani, wakumwa ndani?

Ndapemphedwa kuti ndikambepo za mitengo ya mbewu pa msika wa dziko lonse. Nkhaniyi ndi yotakata, choncho ndasankha mbewu imodzi yokha, koko, amene amapangira chokoleti. Ndiyamba ndi m'mene anthu ena amamwera, kenaka tione m'mene amagulitsidwira, pakuti pakati pa ziwirizi ndi pamene pagona nkhani.

Ku zilumba za Caribbean, monga Grenada, St Lucia, Dominica ndi Jamaica, kuli chakumwa cha m'mawa chimene ambiri amachitcha cocoa tea, tiyi wa koko. Mulibe tsamba la tiyi ngakhale limodzi. Kumeneko chakumwa chilichonse chotentha cha m'mawa amangoti tiyi, monga momwe ife mankhwala onse otsukira mano timangoti Colgate. Inu amene munakhalako ku London mwina munachilawa kwa anzathu ochokera ku zilumbazi.

Kapangidwe kake mayi aliyense wa kumudzi kwathu angakamvetse. Chipatso cha koko chimamera pathunthu penipeni pa mtengo, ndipo m'kati mwake mumakhala njere 30 kapena 40. Njerezi amazivundikira ndi masamba a nthochi kwa masiku 5 mpaka 7 kuti zisase, kenaka amaziyanika padzuwa. Zikauma amazikazinga, kuzisenda makoko, n'kuzisinja mumtondo mpaka zichite phala ngati chiponde, chifukwa pafupifupi theka la njere ya koko ndi mafuta. Phalalo amaliumba timipira kapena tindodo, ndipo likauma limasungika miyezi yambiri. M'mawa mayi amapala kandodoko pang'ono, kuwiritsa m'madzi pamodzi ndi sinamoni, nutmeg ndi masamba onunkhira a mtengo wa bay, n'kuthira mkaka ndi shuga. Mafuta amayandama pamwamba pa kapu, ndipo munthu akamwera mandasi a kumeneko otchedwa bakes amapita kumunda ali wokhuta.

Chimene ndikufuna muone ndi chakuti mu kapu imeneyi wolima, wokazinga, wosinja ndi wakumwa kawirikawiri ndi anthu a mudzi umodzi. Makolo awo ambiri anali akapolo ochokera kuno ku Africa. Ukapolo utatheratu m'maiko a Angerezi mu 1838, ambiri anadzala koko m'timinda tawotawo. Wina ankagulitsa, wina ankasunga pakhomo.

Kwawo kwenikweni kwa koko ndi ku South America. Ku Ecuador akatswiri anapeza umboni woti anthu ankamugwiritsa ntchito zaka zoposa 5,000 zapitazo, ndipo Amaya ndi Aaziteki a ku Mexico ankamumwa, njere zake n'kumagulira zinthu ngati ndalama. Zinthu zinasintha mu 1828 pamene banja la Van Houten ku Holland linapeza makina ofinyira mafuta m'njere, ndi mu 1847 pamene kampani ya Fry ku Bristol inaumba chokoleti chodya. Kuchokera pamenepo mafakitale a ku Ulaya anafuna njere zochuluka ndiponso zotsika mtengo, ndipo maso awo anatembenukira ku Africa.

Ku Ghana, imene nthawiyo inkatchedwa Gold Coast, amakumbukira Tetteh Quarshie, mmisiri wosula zitsulo amene anabwera ndi mbewuyi kuchokera ku chilumba cha Fernando Po mu 1879. Alimi wamba anaigwira ndi manja awiri, popanda maesiteti a Azungu, ndipo pofika 1911 dzikolo linali patsogolo pa maiko onse pogulitsa koko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Côte d'Ivoire inaposa Ghana. Maiko awiriwa pamodzi amakolola koposa theka la koko yense wa dziko lapansi. Koma mtengo umadulidwa ku misika ya London ndi New York, ndipo chokoleti chambiri chimapangidwa ndi kudyedwa ku Ulaya ndi ku America. Alimi ambiri a koko ku West Africa amakalamba osadziwa kukoma kwake. Kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti pa K100 iliyonse imene munthu walipira pogula chokoleti, mlimi amapatako K6 kapena K7 basi.

Tsono mlimi angatani? Mbiri ya koko ikutionetsa njira zitatu zimene zinayesedwapo.

Yoyamba ndi kugwirizana kwa alimi eni ake. Mu 1937 makampani a Azungu ogula koko ku Gold Coast, motsogozedwa ndi United Africa Company, anapangana mseri kuti asamapikisane pogula. Alimi atamva, mothandizidwa ndi mafumu awo, anakana kugulitsa kuyambira Novembala 1937 mpaka Epulo 1938, ndiponso analeka kugula katundu wambiri wa m'masitolo a makampaniwo. Boma la Britain linatumiza komiti ya Nowell kudzafufuza, ndipo komitiyo inadzudzula pangano la makampani aja. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma zala za alimi zikwizikwi zinaimitsa malonda miyezi isanu.

Njira yachiwiri ndi bungwe la boma logula mbewu. Mu 1947 atsamunda anakhazikitsa Cocoa Marketing Board, ndipo analonjeza kuti chaka cha mitengo yabwino bungweli lizisunga ndalama kuti chaka choipa mlimi asalire. Mawu anali okoma. Chimene chinachitika n'chakuti mtengo wa mlimi unkakhala pansi, ndipo ndalama zotsala zinkapita ku boma. Boma la Kwame Nkrumah linapitiriza zomwezo: zina zinamanga misewu ndi masukulu, zina zinalowa m'ndale. Mu 1954, boma litamangirira mtengo wa mlimi pamalo amodzi pamene kunja unali utakwera, mkwiyo wa alimi a ku Ashanti unathandiza kubala chipani chotsutsa cha National Liberation Movement. Zaka zotsatira alimi anagwa ulesi, ena n'kumazembetsa koko kupita ku Togo ndi Côte d'Ivoire. Ghana, imene inakolola matani oposa 500,000 mu 1965, pofika 1984 inali pa matani pafupifupi 160,000. Akuluakulu muli muno mukukumbukira kuti ADMARC, imene inayamba mu 1971, inkachita zofananazo ndi fodya, thonje ndi mtedza wa alimi ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970.

Njira yachitatu ndi yoti boma lenilenilo lilimbane ndi msika. Mu 1987 Pulezidenti Félix Houphouët-Boigny wa Côte d'Ivoire analetsa kugulitsa koko kunja pofuna kuti mtengo ukwere. Anapirira pafupifupi chaka ndi theka, koma ogula anali ndi njere zambiri m'nkhokwe, komanso ankagula ku Malaysia ndi kwina. Mu 1989 anagonja, ndipo mtengo wa mlimi unadulidwa pakati, kuchoka pa mafaranga 400 kufika pa 200 pa kilogalamu. Mu 2019 Ghana ndi Côte d'Ivoire anayesanso, ulendo uno ali limodzi, nalamula ogula kuti aziwonjezera madola 400 pa tani iliyonse kuti mlimi apezeko bwino. Makampani anavomera pakamwa, koma ambiri anachepetsa ndalama zina zimene ankalipira, phindu n'kuchepa.

Tifike ku zaposachedwa. Kwa zaka zambiri tani ya koko inkagulidwa pa madola 2,000 mpaka 3,000. Kenaka nyengo inasokonekera ku West Africa, matenda anagwira mitengo imene yambiri inali yokalamba kale, ndipo ku Ghana okumba golide mozemba anawononga minda. Koko anasowa. Mu Malichi 2024 mtengo unadutsa madola 10,000, ndipo mu Disembala chaka chomwecho unadutsa 12,000. Kodi mlimi analemera? Mu Epulo 2024 boma la Côte d'Ivoire linakweza mtengo wa mlimi kufika pa mafaranga 1,500 pa kilogalamu, amene ndi pafupifupi madola 2,500 pa tani, gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa kunja. Chifukwa chake n'chakuti mabungwe a boma anali atagulitsiratu koko wa chaka chimenecho asanakololedwe, pa mtengo wakale. Mtengo wa mlimi unakwezedwanso kangapo, koma mu 2025 wa kunja unayamba kutsika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Amene amalipira kuchepa kwa mtengoku ndi ana. Mlimi wosowa ndalama zolembera aganyu amatenga mwana wake kupita naye kumunda ndi chikwanje. Kafukufuku wa bungwe la NORC la ku University of Chicago, wotuluka mu 2020, anapeza ana 1.56 miliyoni akugwira ntchito zosayenera msinkhu wawo m'minda ya koko m'maiko awiri aja, chikhalirecho makampani a chokoleti anasaina pangano lothana ndi mchitidwewu mu 2001.

Tibwerere ku Grenada. Mu 1999 anthu atatu, Mott Green, Doug Browne ndi Edmond Brown, anayambitsa Grenada Chocolate Company, kafakitale kakang'ono kopanga chokoleti pafupi ndi minda, mogwirizana ndi alimi a m'deralo. Ndi nzeru ya mtondo ija, yongowonjezerapo makina. Sindikunena kuti timafakitale totere tingameze matani mamiliyoni a ku West Africa, ayi. Koma tikuonetsa kumene ndalama imabisala: m'kukazinga, m'kusinja ndi m'kuumba.

Nkhaniyi isaoneke yakutali. Mukangowoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Karonga mwafika m'boma la Kyela, kumene kumachokera koko wambiri wa dziko la Tanzania, ndipo nayenso amapita kunja ali njere.

Choncho, abale anga, ndikusiyirani mafunso atatu oti tizifunsa pa mbewu iliyonse yopita kunja, kaya ndi koko wa ku Kumasi kapena tiyi wa ku Thyolo. Kunja yagulidwa zingati, ndipo mlimi walandira zingati? Ndalama yapakatiyo yapita kuti, ndipo mabuku ake angawaone ndani? Nanga ndi ntchito iti yokonza mbewuyo imene ingachitikire komwe yalimidwa? Ife atolankhani ntchito yathu ndi kusindikiza mitengo iwiriyo moyandikana, sabata ndi sabata, m'chinenero chimene mlimi amamva. Mlimi wodziwa mtengo wa ku London savuta kugwirizana ndi mnzake, monga anachitira a ku Gold Coast mu 1937.