Diso la Mzinda wa Istanbul

M'dziko la Turkey muli mzinda wakale ndithu wochedwa Istanbul. Mbali yina ya mzindawo iri ku Ulaya, yina iri ku Asia, ndipo pakati pace pamapita madzi a Bosphorus. M'menemo munabadwa mwana wamwamuna pa 16 August 1928, dzina lace Ara Güler. Atate ace anali a mtundu wa Armenia, ndipo anali ndi sitolo ya mankhwala ku Beyoğlu. Mnyamatayo poyamba anaika mtima pa masewero ndi kanema, koma m'caka ca 1950 analowa nchito yojambula zithunzi ku nyuzipepala ya Yeni İstanbul.

Masiku amenewo mzindawo unali ndi anthu ngati miliyoni imodzi. Bambo Güler anali kuyenda pansi m'tinjira tace ndi kamera yao yaing'ono ya Leica, nafunafuna anthu amene akuru a dziko sawaceukira. Anajambula amtengatenga atawerama ndi akatundu olemera pamsana. Asodzi a ku Kumkapı alikubwera m'bandakuca ndi maukonde ao. Amuna otopa atakhala m'nyumba zomwera khofi. Ana osewera pakhomo pa nyumba zamatabwa. Anajambulanso mlatho wa Galata, anthu ali piringupiringu, utsi wakuda wa zombo utaphimba thambo. Zithunzi zao zodziwika koposa za nyengo imeneyo ziri zakuda ndi zoyera cabe, koma munthu pozipenya amamva ngati mphepo ya kunyanja irikumuomba.

Kapena wina afunsa, nanga cithunzi ca mtengatenga wosadziwika ndi dzina lomwe ciri ndi phindu lanji? Taonani zimene zinacitika pambuyo pace. Sitima zazing'ono zoyenda m'miseu zinaleka kuyenda ku mbali ya Ulaya mu 1961. Nyumba zamatabwa zambiri zinapsa, zina zinagwetsedwa. Mlatho wakale wa Galata unapsa mu 1992, ndipo pali wina tsopano. Anthu a mumzindamo anacuruka kufikira anapitirira mamiliyoni 15. Motero mdzukulu wa msodzi uja, akafuna kudziwa umo anakhalira ambuye ace, alibe kwina kopenya koposa zithunzi zimenezi. Wolemba mabuku Orhan Pamuk, polemba za ubwana wace mumzindamo, anaika zambiri za izo m'buku lace la 2003.

Tsiku lina mu 1958 Bambo Güler anasokera njira pocokera kukajambula damu, nafika usiku pa mudzi wa Geyre. Kumeneko anadabwa kuona eni mudzi alikukhala pa miyala yosema bwino ya nthawi ya Aroma, monga munthu akhalira pa citsa. Mudziwo unamangidwa pamwamba pa mzinda wakale wa Aphrodisias. Zithunzi zao zitafika kwa anthu ophunzira, mbiri ya malowo inamveka kutali, ndipo mu 1961 Kenan Erim anayamba kufukula.

Anagwiranso nchito ndi magazini akuru monga Life, Paris Match ndi Stern, najambula anthu omveka, ena a iwo Winston Churchill, Pablo Picasso ndi Salvador Dalí. Koma nkhope za anthu otere zinajambulidwa ndi ambiri. Asodzi aja analibe wina wowasamala cotero. Anthu a kwao anawacha Diso la Istanbul. Eni ace sanakonde kuchedwa mmisiri wa zokongola. Anati iwo ndi mtolankhani, wolemba mbiri ya nthawi yao ndi kamera.

Mu 2018 nyumba yosungiramo zithunzi zao inatsegulidwa ku Bomonti mumzinda womwewo, ndipo pa 17 October caka comweco Bambo Güler anamwalira ali ndi zaka 90.