Za Msinkhu Wopumira pa Nchito

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Chalimbana

Kapena mulikudabwa kuona mwana wa dzulodzulo ataimirira kunena za ukalamba. Mundikhululukire, pakuti nkhokwe timamanga cimanga cisanaume.

Kwa zaka zambiri wanchito wa Boma m'Zambia anali kupuma atakwana zaka 55. M'caka ca 2014 Boma linakweza msinkhuwo kufika pa 65, ndipo madandaulo anacuruka. Cotero mu 2015 anaika makomo atatu: kupuma msanga pa 55, kupuma kwa nthawi yace pa 60, ndi kupuma mocedwa pa 65 ngati okulembani nchito abvomera.

Kodi ici citanthauzanji kwa ife? Akulu amene analowa nchito caka ca 2000 cisanafike ali m'thumba lakale la Public Service Pensions Fund, koma ife a m'mbuyo tiri mu NAPSA. Kumeneko mphunzitsi apereka K5 pa K100 iri yonse ya malipiro ace, ndipo womlemba nchito aonjezapo yonga yomweyo. Penshoni ya mwezi ndi mwezi alandira ndi iye amene wasonkha miyezi 180, ndizo zaka 15. Wosakwanitsa apatsidwa zace kamodzi kokha, ndipo zikatha zatha. Tsono zaka zoonjezedwazo zithandiza mnzathu amene anadikira nthawi yaitali asanapatsidwe sukulu. Koma tisabise mbali yina: mkulu akakhalitsa pa mpando, mnyamata wa satifiketi akhalitsanso kumudzi alikupalira munda wa amace.

Mu 2023 lamulo linalola kutapako magawo 20 pa 100 a zosonkha zathu, kwa iye amene wasonkha miyezi 60 kapena wakwana zaka 45. Ena anafolera nyumba ndi malata, ndipo sindiwadzudzula. Koma tidziwe kuti cimene tatapa lero cicepetsa ca mawa. Wakudya mbeu akhuta tsiku limodzi, mvula ikagwa ayang'ana anzace alikubzala.

Pomariza ndikupemphani zinthu ziwiri. Funsani kawirikawiri ngati miyezi yanu yonse inalembedwa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndiponso musankhe khomo lanu mukali ndi mphamvu, mutapangana ndi a m'banja mwanu, kuti tsiku lotula coko lisakupezeni mulibe pogona.