KUPALA MOTO PA INTANETI

Kumudzi, mai akaona kuti moto wace wazima, atenga phale napita kukapala kwa mnzace. Mnzaceyo sadandaula, pakuti moto wace sucepa. Nkhani ya usiku uno ndi ya moto wina umene anthu apalana masiku ano pa intaneti, ndiwo nyimbo, mabuku ndi zithunzi za kanema, ndiponso ya malire amene lamulo linaika pakati pa kugawana ndi kuba.

Poyamba adziwike mayendedwe ace a cinthuci. Kawiri-kawiri munthu akafuna failo, kompyuta yace ipempha ku kompyuta imodzi yaikuru ya kampani, monga anthu a pa mgodi aima pa mzere wa zenera limodzi tsiku la malipiro. Anthu akacuruka, mzere suyenda. Koma iripo njira yina yochedwa peer-to-peer, m'mene makompyuta a anthu wamba apatsana okha-okha. Mu 2001 Bram Cohen wa ku America anakonza BitTorrent. Pamenepo failo idulidwa tizidutswa tambiri. Munthu alandira kacidutswa aka kwa uyu, kena kwa uja, ndipo pa nthawi yomweyo kompyuta yace ipereka kwa ena tizidutswa timene yalandira kale. Cotero anthu akacuruka katundu afika msanga, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Njira imeneyi payokha si mlandu. Eni ace a mapulogramu aulere a Linux, monga Debian ndi Ubuntu, agawira anthu nchito zao mwa BitTorrent, kuti asalipe okha mtengo wonse wotumizira. Nkhokwe ya mabuku yochedwa Internet Archive inayamba kucita cimodzimodzi mu 2012. Kampani ya Microsoft nayo, potulutsa Windows 10 mu 2015, inakonza kuti makompyuta azipatsana zidutswa za pulogramuyo zikakonzedwanso. Apa palibe wakuba, cifukwa mwini moto ndiye waitana anthu kudzapala.

Mirandu inayamba mu 1999, pamene mnyamata wa sukulu yapamwamba, Shawn Fanning, anapanga Napster. Nyimbo zinali m'makompyuta a anthu, koma kaundula woonetsa kuti nyimbo yakuti iri kwa uje anali m'manja mwa Napster. Makampani a nyimbo anasuma caka comweco, ndipo mu 2000 gulu la oyimba la Metallica linasumanso. Bwalo linaona kuti eni Napster anadziwa kuti nyimbo za eni zirikutengedwa, ndi kuti anali nayo mphamvu yoletsa. Mu July 2001 Napster inatsekedwa.

Obwera pambuyo anacenjera. Mapulogramu monga Grokster sanasunge kaundula pamalo amodzi, ndipo eni ace anati, wosula nkhwangwa samangidwa cifukwa wina wagwetsa nayo citseko ca mnzace. Mau amenewa anali nao maziko, pakuti mu 1984 Bwalo Lalikuru la America linaweruza kuti kampani ya Sony iribe mlandu pogulitsa makina a Betamax ojambulira za pa televizyoni, popeza makinawo ali nazonso nchito zabwino zambiri. Koma mu 2005 bwalo lomwelo linatsutsa Grokster. Oweruza onse anamvana kuti wogawa cipangizo amene akopa anthu kuti abere naco, ali nao mlandu pa zimene anthuwo acita. Kusula nkhwangwa ndi kwina, kuitana akuba kuti adzaitenge ndi kwinanso. Ku Sweden nako, mu 2009, amuna anai a The Pirate Bay, malo olozera anthu kumene kuli mafailo, anaweruzidwa kukhala m'ndende caka cimodzi ndi kulipa makrona 30 miliyoni. Pa apilo masiku a ndende anacepa, koma ndarama zinakwera.

Munthu wamba asaganize kuti izi ndi za akuru okha. Wotenga mwa BitTorrent ndi woperekanso, ngakhale iye sadziwa, ndipo nambala ya kompyuta yace, yochedwa IP, ioneka kwa onse amene agawana naye failo. Eni nyimbo alowa m'gulumo nalemba manambala, ndipo kalata ipita kwa iye amene dzina lace linalembedwa ku kampani ya intaneti. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkuru. Mu September 2003 makampani a nyimbo a ku America anasuma anthu 261 tsiku limodzi. Mu 2007 mai wina wa ku Minnesota analamulidwa kulipa madola 222,000 cifukwa ca nyimbo 24 zimene anagawa pa Kazaa. Mlanduwo unayenda m'mabwalo zaka zingapo, ndipo mu 2012 bwalo la apilo linakhazikitsa ndarama zomwezo. Coopsa cina ndi ici: mafailo obedwa nthawi zina abisa mavairasi, amene aononga kompyuta kapena kuba mau acinsinsi a ku banki.

Kuno ku Zambia, lamulo la 1994 lochedwa Copyright and Performance Rights Act linaika kuti nyimbo kapena buku ndi cuma ca mwini wace masiku onse a moyo wace, ndi zaka 50 atamwalira. Bungwe la ZAMCOPS linakhazikitsidwa kuti lizisonkhanitsa ndarama za opeka nyimbo.

Wina angafunse kuti, nanga woyimba wataya ciani, popeza nyimbo yace ikali naye? Apa ndipo fanizo la moto lithera. Mai wa kumudzi apatsa moto mwa kufuna kwace, podziwa kuti mawa iyenso adzapala. Woyimba wa ku Kitwe kapena ku Cipata analipira situdiyo, oyimba magitala ndi ojambula, ndipo ndarama zimenezo ziyenera kubwera pogulitsa nyimbo. Wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa bwino cimene angamve atauzidwa kuti mkuwa watuluka, anthu akondwa nao, koma malipiro palibe.

Tsono wofuna kutenga failo ayambe wadzifunsa: Kodi mwini wace ndani? Kodi analola kuti igawidwe? Ngati analola, kapena ngati zaka za citetezo zinatha, atenge ndi mtima woyera, ndipo asiye kompyuta yace kanthawi kuti anzace apaleko. Koma ngati ndi nyimbo kapena kanema wogulitsidwa, agule, kapena amvere pa malo amene alipira eni ace. Pakuti kupala moto kuli pawiri: wina abwera nao wophikira nsima, wina abwera nao wotentha nyumba yace yomwe.