Za Ulendo wa kwa Ana Athu a ku Angónia

Awa ndi mau amene Mlembi wa Nthambi yathu, amene alinso mphunzitsi pa sukulu ya m'mudzi muno, analankhula pa msonkhano wa mwezi uno atabwerako ku Mozambique. Tawalemba onse kuti amene sanafike pa msonkhano aweruze okha.



Munandituma, ndipo ndabwerako. Wotumidwa sabisa mau. Tsono lero ndinena zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, pakuti ndarama zimene ndinapita kukaona nchito yace n'zanu. Zinacokera m'nkhokwe zanu, zina pa nkhuku zimene amai anagulitsa pa msika.

Papita zaka zitatu cipanganirane kuti tithandize ana anai a kutsidya kwa malire, m'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete. Acinyamata ena andifunsa kuti, bwanji ana a dziko lina? Funsoli ndi labwino, ndipo ndiliyankha. Nkhondo ya ku Mozambique inayamba mu 1977, ndipo inatha pa 4 October 1992 pamene mbali ziwirizo zinalemberana pangano la mtendere ku Rome. M'zaka zimenezo anthu oposa 1 miliyoni anathawira muno m'Malawi, ndipo ambiri anakhala kuno ku Dedza ndi ku Ncheu. Ine ndinali kumsana kwa amai, koma inu akuluakulu mukumbuka. Ena anakhala m'mudzi muno, analima nafe, anaika maliro ao m'manda athu. Ana anaiwa ndi adzukulu a anthu omwewo. Malire amene atilekanitsa analembedwa ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo makolo athu sanafunsidwe.

Ndinanyamuka pamodzi ndi anthu a mpingo amene amapita kumeneko ndi zobvala ndi mabuku. Tinadutsa pa cipata ca Dedza, kutsidya kwace amati Calomue, ndipo tinafika ku Ulongwe, ndiko ku boma la Angónia. Kucokera apo ndinakwera njinga yamoto kunka ca ku Domwe, kumene Angoni a Maseko anakhazikika kale. Dzikolo n'longa lathu lomweli: mapiri, mphepo yozizira, minda ya cimanga ndi ya kacewere. Womasulira sindinamfune, pakuti m'midzi amalankhula monga ife. Zosiyana ndinaziona ziwiri. Ndarama yao ndi metical, ndipo mabuku a ana aja ali m'Cipwitikizi.

Ndisanapitirire, ndiulule kanthu. Inu mudziwa kuti pa sukulu pathu pano pamafika alendo a ku Ulaya kudzaona ana amene amawathandiza. Tsiku lotero ndine ndimaika ana pa mzere kuti ayimbe. Alendo ajambula zithunzi, apereka maswiti, akwera galimoto, apita. Kambiri ndadandaula kwa aphunzitsi anzanga kuti ana athu asanduka cionetsero.

Mwambo uwu wothandiza mwana wakutali si wa lero. Mu 1937 mtolankhani wa ku England, John Langdon-Davies, pamodzi ndi mnzace Eric Muggeridge, anayamba kupempha anthu kuti athandize ana amene nkhondo ya ku Spain inawasiya pa mtetete. Nchito imeneyo ndiyo inabala bungwe la Plan International. M'zaka za m'ma 1950 mabungwe a World Vision ndi Compassion anacita cimodzimodzi ndi ana amasiye a nkhondo ya ku Korea. Mu 2013 katswiri wa za cuma, Bruce Wydick, ndi anzace anafalitsa zimene anapeza m'maiko 6, mwa iwo Uganda ndi Kenya. Anapeza kuti ana amene anathandizidwa ndi Compassion anakhala pa sukulu nthawi yoposa caka cimodzi kupambana anzao. Tsono cithandizo cotere cimagwira nchito. Koma ciri ndi nthenda yace: cimakuza wopereka ndi kucepetsa wolandira.

Nthenda imeneyi inandigwira ine ndemwe. Nditafika, ndinapeza andiikira mpando pa mthunzi. Ana atatu anabwera, anagwada, anayamba nyimbo imene anawaphunzitsa dzulo lace. Ine ndinaturutsa foni kuti ndiwajambule, kuti ndidzakuonetseni kuno. Apo ndinaona mnyamata wamkulu, maso ali pansi, milomo ikungogwedera. Nkhope imeneyo ndinaidziwa, pakuti ndiyo ya ana a m'kalasi mwanga tsiku la alendo. Manyazi anandigwira. Ndinabweza foni m'thumba, ndinatsika pa mpando, ndinakhala nao pa mphasa, ndipo ndinapempha kuti andionetse makope ao. Mphunzitsi sadziwa mwana pa nyimbo iai, amamdziwa pa kope.

Makope ndinawaona, ndipo mtima wanga unakondwa. Cipwitikizi sindicidziwa, koma masamu ndi amodzi kuno ndi uko. Mnyamata wamkulu ali m'kalasi 8 ndipo masamu akumuyenda bwino. Wamng'ono ndi mtsikana mmodzi ali ku pulaimale, ndipo aphunzitsi ao anati sajomba. Lamulo la ku Mozambique la mu 2018 likuti mwana aphunzire kufikira kalasi 9, koma lamulo siligula yunifolomu, siligula kope, siliphika phala. Izi ndizo ndarama zanu zagula, ndipo ndinaziona ndi maso angawa.

Titatha, mnyamata uja anandiperekeza. Tili awiri m'njira anandifunsa motsitsa mau kuti, “Aphunzitsi, kodi ndikalephera mayeso mudzaleka?” Anati usiku uli wonse mayeso akayandikira tulo sabwera, poopa kuti anthu a ku Malawi adzakwiya. Abale anga, ife tinkayesa kuti tamsenzetsa mabuku okha, osadziwa kuti tamsenzetsanso mantha. Ndinamuyankha m'dzina lanu kuti mwana akagwa pophunzira kuyenda samtaya. Ngati ndinalakwa kuyankha ndisanakufunseni, mundidzudzule lero lino.

Tsopano zowawa. Ana tinawerenga anai, koma ndinaona atatu. Wacinai, mtsikana wamkulu uja amene makalata ace tinkawerenga pa bwalo pano ndi kuomba m'manja, analeka sukulu caka catha. Makalata awiri otsiriza sanalembe ndiye. Amene amalandira ndarama zathu kumeneko anabvomera okha nditawapanikiza. Sanadye ndaramazo iai, anagulira zofunika mlongo wace wamng'ono wa mtsikanayo. Koma anatibisira, poopa kuti tikamva tidzaleka zonse. Ndinawauza poyera kuti kubisa kumeneku ndiko kungaphe nchito, koposa kuleka kwa mwanayo.

M'mawa mwace ndinapita kwao kwa mtsikanayo. Ndinampeza akukumba kacewere pa ganyu. Sanaleke cifukwa ca ulesi. Sekondale ili kutali, ulendo wa maola awiri pansi, ndipo njira imadutsa m'thengo. Anzace oyenda nao analeka mmodzimmodzi mpaka anatsala yekha, ndipo mai ace anamletsa. Kwabwera kale munthu wina kudzafunsira mbeta. Dziko lao linaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18 mu 2019, monga ife tinakonza Malamulo athu akulu mu 2017, koma mudziwa nokha kuti njala ikalowa m'nyumba lamulo limatsala pa khomo.

Agogo ace atamva kumene ndacokera anagwira dzanja langa osalisiya. Anandichulira citsime cathu cakale ca kudambo, ndi mtengo wa mango wa pa bwalo la amfumu. Anati mwana wao woyamba agona m'manda athu. Sanapemphe kanthu. Anangofunsa ngati amai amene anawagawira munda wa nyemba ali moyo.

Cifukwa cace ndabwera ndi mfundo zinai, ndipo ndipempha kuti zilembedwe m'buku la Nthambi.

Yoyamba, cithandizo cipitirire, ndipo ana auzidwe kuti kulephera mayeso kamodzi sikudzaciletsa.

Yaciwiri, gawo la mtsikana wamkulu la caka cino tigulire njinga, ndipo tipemphe a mpingo kumeneko ampezere banja la pafupi ndi sukulu logonako masiku a mvula. Mai ace abvomera kuti zikatero adzabwerera ku sukulu caka ca sukulu cikayamba.

Yacitatu, tileke kufuna makalata oyamika ndi zithunzi. Ndife tinaphunzitsa anthu aja kutinamiza, pakuti tinkafuna nkhani zokoma zokhazokha. M'malo mwace atitumizire lipoti la ku sukulu losainidwa ndi mphunzitsi wamkulu.

Yacinai, caka ndi caka pakatha kukolola papite anthu awiri, mmodzi akhale mai. Pali zina zimene mtsikana sanganene kwa mwamuna, ngakhale ali mphunzitsi, ndipo ndiyesa kuti zina sindinazimve.

Ndidziwa kuti alipo ena pano amene akuti tiyambe ndi ana athu. Sindiwatsutsa. Ndabwera ndi maina a ana a m'mudzi muno amene aleka sukulu caka cino, ndipo ndawapereka kwa Bambo Wapampando. Enawo nyumba zao zili pafupi ndi yanga, ndipo ndinayenda ulendo wa ku Domwe ndisanagogode pa makomo ao. Ici n'colakwa canga, ndipo ndiyamba kucikonza Loweruka lino. Amene afuna kutsagana nane andipeze pa sukulu dzuwa lisanakwere.

Koma kuthandiza wa kuno sikufuna kuti titaye wa uko. Akulu anati kupatsa n'kuika. Makolo athu anagawa munda m'caka ca nkhondo, ndipo papita zaka zoposa 30 gogo uja akuufunsabe. Ndani adziwa ngati adzukulu athu sadzathawira tsidya lija tsiku lina?

Mfundozi tidzaziponyera voti pa msonkhano wa mwezi wa mawa. Kakambiraneni m'mabanja mwanu, ndipo amai musadzakhale kumbuyo. Buku la ndarama liri kwa Msungicuma, ndipo ali yense ali ndi ufulu wolitsegula.

 Ndatha ine Mlembi wanu.