Dontho Limodzi la Magazi

Lero tisiye kaye choko ndi bolodi. Ndifuna tikambe za zipangizo zatsopano zimene mukuziona kuchipatala, chifukwa ambiri a inu mwakhala mukundifunsa za izo tikamaweruka.

Ndiyambe ndi malungo, poti palibe nyumba imene sawadziwa. Ine ndili mwana, thupi likangotentha, mayi anga ankathamangira kugolosale kukagula kolokwini. Inu achikulire mukumukumbukira kuwawa kwake, ndi kuyabwa kuja kosagonetsa tulo. Panalibe zoyeza. Kutentha thupi kulikonse tinkati ndi malungo basi. Kenaka tizilombo ta malungo tinamuzolowera kolokwini, ndipo m'chaka cha 1993 boma la Malawi linamusiya n'kuyamba kupereka Fansidar. Nayenso anafooka. M'chaka cha 2007 kunabwera LA, amene tikumwa mpaka lero.

Masiku amenewo munthu wofuna kuyezetsa magazi ankayenera kupita kuchipatala chachikulu. Kumeneko ankapaka magazi pa kagalasi, n'kuwayang'ana pa makina okuza zinthu. Pankafunika munthu wophunzira ntchitoyo, pankafunikanso kudikira. Zipatala zazing'ono zambiri zinalibe makinawo.

Kuyambira m'chaka cha 2011 zipatala za boma zinayamba kugwiritsa ntchito kachipangizo kakang'ono koyera, kotalika ngati chala. Sikafuna magetsi. Sikafuna batire. Amakubayani pang'ono kunsonga ya chala, natenga dontho limodzi la magazi. Amalidonthezera pa kabowo, n'kuonjezera madontho a mankhwala amadzi. Pakatha mphindi 15 kapena 20, yankho latuluka.

Yankholo ngakhale inu mutha kuliwerenga. Pa kachipangizoko pali zilembo ziwiri, C ndi T. Zilembo zimenezi tinaziphunzira kale. Mzere ukaoneka pa C pokha, ndiye kuti malungo mulibe. Mizere ikaoneka iwiri, pa C ndi pa T, malungo alimo. Pa C pakapanda kuoneka mzere, kachipangizoko kalephera ntchito, ndipo ayenera kukuyezaninso ndi kena. Tsiku lina mukadzapita, pemphani mwaulemu kuti, "Adokotala, ndione nawo." Si mwano umenewo. Magaziwo ndi anu.

Tsono vuto lagona apa. Munthu wayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo, thupi lili juu. Amuyeza mwanayo, mzere watuluka umodzi. Adokotala akuti palibe malungo. Mayi uja amabwerera ali wokwiya, akumauza anzake panjira kuti, "Andimana mankhwala." Akafika pamsika amagula LA kwa munthu wongoyala mankhwala pansi. Ndikunena izi osati moseka ayi, chifukwa inenso ndinatsala pang'ono kuchita zomwezo.

Mwana wa mchemwali wanga anadwala ali ndi zaka ziwiri. Anamuyeza, mzere umodzi. Ine, ndi uphunzitsi wanga wonsewu, ndinayamba kulimbana ndi anamwino kuti angotipatsa LA tizipita. Iwo sanandiyankhe zambiri. Anamuvula mwanayo malaya, nayang'ana wotchi, n'kuyamba kuwerenga mmene ankapumira. Ankapuma mothamanga, ndipo m'munsi mwa nthiti munkalowa m'kati. Chinali chibayo. LA sachiza chibayo. Tikanapita naye kunyumba n'kumamumwetsa LA masiku atatu, chibayo chikanakhala chikukula. Anamupatsa mankhwala ena, ndipo lero mwanayo ali pasukulu. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindiwaiwala.

Choncho mzere umodzi sutanthauza kuti mwana ali bwino. Utanthauza kuti chimene chikutenthetsa thupi ndi china, ndipo chiyenera kufunidwa. Mwina ndi chibayo, mwina khutu, mwina matenda a m'chikhodzodzo. Musachoke msanga. Funsani kuti, "Nanga ngati si malungo, n'chiyani?" Ndipo mwana akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akamakomoka, kapena khosi likauma, bwererani naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Chinanso. Ngati munamwa LA masabata awiri kapena atatu apitawo, auzeni adokotala asanakuyezeni. Kachipangizo kaja nthawi zina kamaonetsabe mizere iwiri ngakhale tizilombo titafa kale.

Mizere ikatuluka iwiri, apa ndi pamene sukulu yathu ya kwacha iyenera kuoneka phindu lake. LA amamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu. Mukamwa koyamba, mudikire maola 8 ndi kumwanso. Masiku awiri otsatirawo ndi m'mawa ndi madzulo. Kuchuluka kwa mapiritsi kumayendera kulemera kwa munthu. N'chifukwa chake mwana amamukweza pasikelo. Wamkulu amamwa mapiritsi anayi nthawi imodzi, pamene kamwana kakang'ono kamamwa limodzi. Amagwira bwino ntchito mukamwera chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala lotendera kapena mkaka. Ambiri amasiya tsiku lachiwiri poona kuti apeza bwino, otsalawo n'kusungira m'bale wawo. Kumeneko ndi kusiya tizilombo tili moyo m'thupi. Malizani onse.

Tsopano ndinene za ana obadwa masiku asanakwane. Mwana wotere mapapo ake amakhala osakhwima. Akatulutsa mpweya, mapapowo amafwapa ngati jumbo lonyowa, ndipo amavutika kuwatsegulanso. Kumaiko olemera kuli makina omuthandiza, koma ndi okwera mtengo kwambiri. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anagwirizana ndi anthu a pasukulu ya ukachenjede ya Rice ku America kuti apange makina otsika mtengo. Anatenga timapampu tomwe anthu amapopera mpweya m'madzi oweteramo nsomba m'nyumba, nalumikiza ndi mapaipi ndi botolo la madzi. Mpweya umalowa m'mphuno mwa mwana pang'onopang'ono osaleka, ndipo mapapo amakhala otseguka. Makinawa anawapatsa dzina lathu lomwe: Pumani.

Anawayesa m'chaka cha 2012. Mwa ana 10 alionse amene anathandizidwa ndi makinawa, pafupifupi 7 anakhala moyo. Mwa amene sanaikidwe pa makinawa, anakhala moyo ndi 4 okha. Pambuyo pake makinawa anafika m'zipatala za m'maboma.

Ndikudziwa zimene zimakambidwa kumijigo. Amati mwana akangoikidwa timapaipi m'mphuno, ndiye kuti wapita. Agogo ena amafika pokaniza, ena amachotsa timapaipito anamwino akatuluka. Tiyeni tiganize bwino. Amaikidwa timapaipi ndi mwana uti? Ndi uja wadwalitsitsa kale. Ena mwa iwo amamwaliradi, chifukwa matenda anali atakula kapena anafika mochedwa. Anthu amakumbukira maliro aja, osawerengako ana ambiri amene anatuluka amoyo. Inu abambo, ndi inu apongozi, mawu anu ndi amene amamveka pa nthawi yotere. Mayi wongobereka kumene amakhala wotopa ndi wamantha. Mukati "ayi", iye sangakutsutseni. Funsani anamwino akufotokozereni mmene makinawo agwirira ntchito, muone nokha thovu likubwata m'botolo, kenaka muvomere.

Za tindege topanda woyendetsa mwamva pawailesi. M'chaka cha 2016 dziko la Rwanda linayamba kutumiza magazi kuzipatala zakutali pa tindege timeneti. Kuno kwathu, m'chaka cha 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo tindegeti ku Kasungu. Timanyamula katemera, mankhwala ndi magazi okayezedwa, ndipo mlatho ukakokoloka ito timadutsa pamwamba. Ndi zabwino ndithu. Koma kandege sikanyamula mayi amene matenda amuyamba. Ameneyo afunabe msewu, njinga ya moto kapena ambulansi, ndi mwamuna amene anasungiratu ndalama ya ulendo.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Magetsi amazima. Tizipangizo toyezera timatha, mankhwala amatha. Makina akaonongeka amatha miyezi ali pakona kudikira wokonza. Anamwino mmodzi amasamala wodi yonse. Izi n'zoyenera kuzinena poyera kukomiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi kukomiti ya pachipatala. Tsopano poti mukutha kulemba, lembani tsiku limene munapeza mankhwala atatha, ndi dzina la mankhwalawo. Dandaulo lolembedwa silisowa ngati la pakamwa.

Pali chithandizo chinanso chimene chinayambira ku Balaka m'chaka cha 2011, chotchedwa Chipatala Cha Pa Foni. Munthu amaimba foni n'kuyankhula ndi wa zaumoyo m'chinenero chake. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akupatsani nambala yake. Muilembe nokha, ndi dzanja lanu, pa chikuto cha buku lanu la kuchipatala.

Tikadzakumananso, aliyense adzabwere ndi buku la kusikelo la mwana wake kapena la mdzukulu wake. Amene ali ndi paketi yakutha ya LA adzabwere nayonso, osataya. Tidzawerenga masiku a katemera, makilogalamu a mwana, ndi manambala olembedwa pa paketipo. Zolemba za adokotala zina n'zovuta ngakhale kwa ine, choncho ndapempha alangizi a zaumoyo kuti adzakhale nafe.